Tembenuzani kagalimotoko musanakatchulire mtengo kapena kukapaka penti

Akonzi,

Ndithokoze pondipatsa danga m'nyuzipepala yanu kuti ndilankhulepo pa nkhani imene ambiri angaiyese yachibwana, koma imene yayamba kupusitsa anthu pa ndalama ndiponso kuwonongetsa zinthu zomwe zikawonongeka sizibwereranso mwakale. Ndikunena za timagalimoto tachitsulo takale, makamaka toyerekezera magalimoto aliwiro a ku Italy monga Ferrari, Lamborghini, Maserati, Alfa Romeo ndi Lancia, timene masiku ano tikupezeka m'milu ya zidole za kaunjika komanso m'masutikesi amene makolo athu anatisiyira. Ine ndine makaniko wopuma pantchito, ndipo timagalimoto totere ndakhala ndikusunga kwa zaka zoposa makumi anayi, choncho zimene ndikulembazi zambiri ndaziona ndi maso anga, zina ndazilakwitsa ndi manja anga omwe.

Mwezi wathawu ndinadutsa pamsika wina mumzinda wa Blantyre pamene mnyamata wogulitsa zidole anali atangomasula belo. Pamwamba pa katoni, padera pa zinzake zonse, anali ataikapo Ferrari F40 yofiira yopangidwa ndi kampani ya Bburago, yaitali ngati phazi la munthu wamkulu, chitseko chimodzi chikulendewera, chiwongolero palibe. Nditafunsa mtengo anandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kuchipewa, kenako n'kunena kuti, “Madala, iyi si ya ana ayi, iyi ndi K200,000, azungu amagula zimenezi pa okushoni ndi mamiliyoni.” Anati anaziona pa Facebook. Koma pansi, pa mulu wa zidole za mtengo wa mandasi ochepa, pakati pa zidole zapulasitiki zopanda mitu, panali kagalimoto kakang'ono kothimbirira ndi fumbi, ndipo nditakatola n'kukatembenuza ndinawerenga kunsi kwake kuti Politoys, Maserati 3500 GT, Made in Italy. Zitseko zake zonse zinkatseguka, boneti inkatseguka, ndipo penti wake anali yemweyo amene kanatuluka naye mufakitale zaka pafupifupi 60 zapitazo. Ndinamuuza mnyamatayo kuti chimene wachiika pampando wachifumu ndi chinthu wamba, ndipo chimene wachitaya pansi ndicho choyenera kuchisamala. Poyamba anaganiza kuti ndikufuna kumuchenjerera, ndipo anangokhulupirira pamene ndinamupatsa ndalama yoposa imene iye anatchula pa ka Maserati kaja, F40 yake n'kumusiyira.

Sindinamuseke mnyamata uja, chifukwa cholakwa changa chinali chachikulu kuposa chake. Malume anga atabwerako ku migodi ya ku Johannesburg, kumene anapita kudzera ku Wenela, anabweretsa mabulangete, wailesi ndi jekete, ndipo ine anandipatsa kagalimoto ka Dinky Toys kamene anagula kwa mnzawo kumeneko. Kanali ka Ferrari yampikisano ya mpando umodzi, kokhala ndi kadalaivala kachitsulo m'kati, matayala a labala amene ankavuka, thupi lake la buluu, mphuno yake yachikasu. Nditafika ku sekondale ndinaona m'magazini ina kuti Ferrari imakhala yofiira, ndipo ndinagamula ndekha kuti a Dinky analakwitsa. Patchuthi ndinatenga penti wofiira amene anatsala popenta mafelemu a mawindo, ndinathothola nthenga ya nkhuku, ndipo ndinakapaka konse, kadalaivala kaja ndi chipewa chake chomwe. Patapita zaka zambiri m'pamene ndinadziwa kuti a Dinky ankakatulutsa dala ndi buluu ndi chikasu, ndiponso kuti masiku amenewo mtundu wa galimoto yampikisano unkayendera dziko limene ikuimira: kufiira kunali kwa Italy, kubiriwira kwa Britain, buluu wa France, ndipo buluu ndi chikasu pamodzi zinali za Argentina, kwawo kwa katswiri wa mipikisano ya magalimoto Juan Manuel Fangio. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo phula langa ndinalidya ndi nthenga ya nkhuku.

Kuti owerenga amvetse chifukwa chake penti ndi zolemba za kunsi zili zofunika chotere, ndifotokoze mwachidule m'mene timagalimototi timapangidwira. Ngakhale timati n'tachitsulo, si chitsulo chimene amisiri athu amasulira makasu. Ndi zinki wosakaniza ndi aluminiyamu pang'ono, magineziyamu ndi mkuwa, chosakaniza chimene opanga amachitcha zamak kapena mazak. Amachisungunula n'kuchipopera mwamphamvu m'chikombole chachitsulo cholimba, monga m'mene woumba njerwa amathira dothi m'chikombole chake, kusiyana kwake n'kwakuti chikombole ichi chimatulutsa ngakhale timizere ta zitseko ndi zilembo zing'onozing'ono. Chikombole chimodzi chimatha kubala timagalimoto miyandamiyanda tofanana. Ichi ndicho chinthu choyamba chimene wogulitsa aliyense ayenera kudziwa, kuti kukalamba kokha sikusandutsa chidole kukhala chosowa.

Manambala olembedwa kunsi monga 1:43 kapena 1:18 amanena za kukula kwa chidole poyerekeza ndi galimoto yeniyeni. Ferrari F40 yeniyeni ndi yaitali mamita anayi ndi masentimita pafupifupi 36, choncho pa 1:18 imatuluka masentimita 24, pamene pa 1:43 imangokwana masentimita 10. Timagalimoto tambiri takale timene osunga amatifunafuna ndi ta 1:43 kapena tocheperapo, ndipo tikulutikulu ta 1:18 tambiri tinabwera mochedwa, cha m'ma 1980 ndi m'ma 1990. Wogulitsa akamatchula mtengo potengera kukula ndi kulemera, ngati akugulitsa mbatata, ndiye kuti wayamba kale kusochera.

Dzina la kampani limanenanso zambiri za msinkhu wa chidolecho. Dinky Toys inayamba mu 1934 pansi pa kampani ya Meccano ku Liverpool, ndipo fakitale yake ya kumeneko inatsekedwa mu 1979. Matchbox inayamba mu 1953 ku London pansi pa kampani ya Lesney, imene inagwa mu 1982, ndipo pambuyo pake dzina la England linazimiririka kunsi kwa timagalimoto take, m'malo mwake munalowa Macau ndi maiko ena a ku Asia. Corgi inayamba mu 1956 ku Swansea, ndipo inkadzitama kuti timagalimoto take tinali ndi magalasi m'mawindo pamene ta Dinky tinali ndi mabowo okha. Makampani onsewa ankadziwa kuti mwana amakopeka ndi galimoto ya ku Italy. Matchbox inatulutsa Ferrari Berlinetta yobiriwira pa nambala 75 ndi Lamborghini Miura pa nambala 33, ndipo Corgi inagulitsa Miura yake pamodzi ndi kankhunzi kapulasitiki m'bokosi, popeza dzina loti Miura linachokera ku banja la ku Spain loweta ng'ombe zomenyana nazo m'mabwalo. Mu 1968 kampani ya Mattel ya ku America itatulutsa Hot Wheels, timagalimoto tokhala ndi mawaya opyapyala a matayala timene tinkathamanga kwambiri pansi, a Matchbox anayankha mu 1969 ndi matayala a Superfast. Munthu wodziwa amangoyang'ana tayala n'kudziwa ngati ka Matchbox kali ka nyengo isanafike kapena itadutsa imeneyo.

Koma mtima wanga uli pa timene tinapangidwa ku Italy komweko, ndipo pano ndikhalitsepo pang'ono. Kampani ya Mercury ya ku Turin, mzinda wa Fiat ndi Lancia, inayamba kupanga timagalimoto nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itangotha. Politoys ya ku Milan, imene pambuyo pake inasintha dzina kukhala Polistil, inatulutsa cha m'ma 1965 gulu la timagalimoto tachitsulo ta 1:43 timene pafupifupi chilichonse chinkatseguka, zitseko, boneti ndi buti, injini ikuonekera m'kati. Mebetoys inali ya abale a banja la Besana, ndipo anaigulitsa kwa Mattel mu 1969. A m'banja lomwelo ndiwo anayambitsa mu 1974 kampani imene poyamba inkatchedwa Martoys, ndipo mu 1976 inakhala Bburago, dzina lotengedwa ku tauni ya Burago di Molgora kumene kunali fakitale. Amisiri a makampaniwa ankakhala m'dziko limene magalimoto enieniwo ankapangidwa, ankawaona m'misewu yawo, ndipo m'maganizo mwanga izi zimaoneka pa ntchito yawo. Ukaika Ferrari ya ku England ndi ya ku Italy za nyengo imodzi pambali ndi pambali, ya ku England imaoneka yopangidwira kupirira nkhanza za mwana, pamene ya ku Italy imaoneka yopangidwa ndi munthu amene ankafuna kuti denga ndi mapiko zipindike ndendende monga pa galimoto yeniyeni, ngakhale zitseko zikhale zosachedwa kuthothoka. Ena amene amasunga timagalimoto akhoza kunditsutsa pa zimenezi, ndipo ndingakondwe kuwerenga kalata yawo.

Palinso chifukwa china chimene ndimakanira kuti izi ndi zachibwana. Pamene ndinkaphunzitsa anyamata ntchito pagalaja, palibe mmodzi wa ife amene anali ataonapo Lamborghini ndi maso, koma ndinkabwera ndi ka Miura m'thumba la ovolosi kuti ndiwaonetse kuti injini siyenera kukhala kutsogolo nthawi zonse. Galimoto imeneyi, imene inatuluka mu 1966 ndipo thupi lake linajambulidwa ndi Marcello Gandini wa ku kampani ya Bertone, inali ndi injini ya masilinda 12 yoikidwa chopingasa kumbuyo kwa mipando, kutsogolo kwa matayala akumbuyo, n'cholinga choti kulemera kukhale pakati ndipo galimoto igwire msewu bwino pokhota. Ukatsegula kumbuyo kwa kachidoleko, mnyamata amaona yekha chimene ukanatha theka la ola ukuchijambula pansi ndi kamtengo. Ndinkawauzanso kuti Ferruccio Lamborghini anayamba ndi kupanga mathirakitala asanatsegule fakitale ya magalimoto ku Sant'Agata Bolognese mu 1963, ndipo mfundo imeneyi inkawalimbitsa mtima anyamata amene tsiku lonse ankakhala kunsi kwa mathirakitala ndi malole.

Tsopano ndibwerere ku F40 ya mnyamata uja ndi mamiliyoni ake. Ferrari F40 yeniyeni inatuluka mu 1987 pokumbukira zaka 40 za kampaniyo, ndipo inali galimoto yomaliza imene Enzo Ferrari anavomereza asanamwalire mu 1988. Zenizenizo zinapangidwa zongopitirira pang'ono 1,300, koma zidole zake za Bburago zinapangidwa zosawerengeka ndipo zinagulitsidwa m'masitolo wamba ku Ulaya konse, n'chifukwa chake zimafika kuno m'mabelo. Nkhani za mitengo yoopsa zimene anthu amatumizirana pafoni nthawi zambiri zimakhala za magalimoto enieni. Mwachitsanzo, Ferrari 250 GTO, imene zinapangidwa 36 zokha pakati pa 1962 ndi 1964, inagulidwa pa okushoni ku America mu 2018 pa mtengo wa madola 48.4 miliyoni. Mtengo umenewo sutsikira pa chidole chake, monganso chithunzi cha ng'ombe sichikamidwa mkaka. Zoona zake n'zakuti timagalimoto tina takale timagulidwa pa ndalama yabwino, koma timakhala tosowa, tosakandika, tokhala ndi ziwalo zonse, ndipo kawirikawiri tili m'kabokosi kake koyambirira, kamene nthawi zina kamakweza mtengo kuposa m'mene munthu angaganizire. Kagalimoto kamene kadutsa m'manja mwa ana atatu, m'belo ndi m'sitima yapamadzi sikangafike pamenepo, ngakhale kakhale kokongola ndi koyenera kukasunga. Kampani ya Bburago nayo inagwa mu 2005, dzina lake linagulidwa ndi eni ake a kampani ina ya zidole yotchedwa Maisto, ndipo zidole zake za masiku ano zimapangidwa ku China. Choncho F40 yolembedwa Made in Italy ndi yakale kuposa yolembedwa Made in China, koma zonse ziwiri n'zochuluka.

Ogula nawo achenjere, chifukwa chinyengo chimayenda mbali zonse. Chaka cholembedwa kunsi kwa ka Matchbox kapena ka Hot Wheels kawirikawiri ndi chaka chimene chikombole chinalembetsedwa, osati chaka chimene kagalimotoko kanapangidwa, ndipo chikombole chimodzi chimatha kugwira ntchito zaka zambiri. M'zaka zaposachedwapa makampani ena atulutsanso timagalimoto ta Dinky tatsopano tofanana ndi takale, m'mabokosi ofanananso, koma kunsi kwake kumalembedwa kuti tapangidwa ku China. Palinso timene tinapentedwa kachiwiri ndi anthu aluso kuposa ine ndi nthenga yanga. Kuti muzindikire, yang'anani mariveti amene amagwira thupi ndi chitsulo cha pansi. Riveti ya kufakitale imakhala yozungulira bwino ndi yosalala, koma ikakhala yobooledwa, yomatidwa ndi guluu kapena yolowedwa m'malo ndi sikuluwu, dziwani kuti wina anatsegulapo. Kagalimoto ka zaka 60 kowala ngati kapangidwa dzulo, kopanda ngakhale kachipsera pamphuno, kafunika kukafunsa mafunso, pakuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Mabanja amene makolo awo anagwirako ntchito ku South Africa ali ndi chifukwa chapadera choyang'anira m'masutikesi akale. M'zaka za m'ma 1960 timagalimoto tina ta Dinky tinkatumizidwa kumeneko tili ziwaloziwalo, n'kukapentedwa ndi kulumikizidwa komweko pofuna kupewa msonkho wokwera wa katundu womalizidwa, ndipo tinkatuluka ndi mitundu yosiyana ndi ya ku England, m'mabokosi olembedwa Chingerezi ndi Afrikaans. Osunga zidole amatifunafuna kwambiri timeneti. Dzina la Ferrari silinalinso lachilendo kumeneko, popeza David Piper anapambana mpikisano wa maola 9 pabwalo la Kyalami mu 1962 akuyendetsa 250 GTO, ndipo mu 1979 Jody Scheckter wa ku South Africa anakhala katswiri wa dziko lonse wa Formula One pa Ferrari. Amene angapeze kagalimoto ka mtundu umene akuuona ngati wolakwika, asathamangire penti monga ndinachitira ine, ndipo kabokosi ngakhale kong'ambika asakolezere mbaula.

Za kasamalidwe ndinene zochepa. Fumbi lichotsedwe ndi kaburashi kofewa kapena mswachi wakale, osati ndi sitiliwulo, palafini kapena petulo. Dzuwa la pawindo limafwifwitsa penti ndipo limaumitsa matayala. Chinyontho cha nyengo ya dzinja chimachititsa dzimbiri pa mawaya a matayala, ndiponso chimafulumizitsa nthenda ina ya zinki imene imagwira makamaka timagalimoto ta m'ma 1930 mpaka kumayambiriro kwa m'ma 1950, pamene chosakaniza chija chinkakhala ndi zitsotso za mtovu. Kagalimoto kogwidwa ndi nthendayi kamafufuma, kamang'aluka timing'alu ngati dothi la padambo m'chilimwe, kenako kamafumbutuka, ndipo palibe mankhwala ake. Pa tina ta ku Italy ndi ku France labala wa tayala amadyana ndi pulasitiki wa limu mpaka limuyo kusungunuka, ndipo kutentha kwa m'nyumba zathu zamalata kumawonjezera vutoli.

Ndisamveke ngati ndikuti chidole chilichonse chilandidwe kwa mwana n'kutsekeredwa m'kabati ya galasi. Ife tinakula tikupinda magalimoto a mawaya, matayala a zitsekerero za mabotolo, chiwongolero chachitali chofika m'chiuno, ndipo luso limenelo ndimalilemekeza kuposa chilichonse chotuluka m'chikombole, chifukwa mwana wopinda waya amayenera kuiona galimoto ndi maso a mmisiri. Nditalandira ka Ferrari ka malume, anzanga ankabwera kudzakayang'ana kuti atengere mphuno yake yosongoka pa magalimoto awo a mawaya, ndipo m'mudzi mwathu munadzaza ma Ferrari amene ku fakitale ya Ferrari ku Maranello sanawalotepo. Timagalimoto tatsopano ndi tofala tiperekedwe kwa ana aseweretse mpaka matayala athe. Koma takale kwenikweni tisaperekedwe kwa makanda amene amaika chilichonse m'kamwa, popeza penti wa zidole zina za nthawi imeneyo anali ndi mtovu, ndipo timatayala take timavuka mosavuta.

Pempho langa kwa ogulitsa kaunjika ndi lakuti akamasula belo azipatula tachitsulo, azitembenuza kalikonse, aziwerenga dzina la kampani, dziko ndi nambala, ndipo popeza ambiri ali ndi foni za intaneti, azifufuza mtengo umene chinthu chofanana nacho, chokandika mofanana, chinagulidwira, osati umene wina akungoitanira. Kwa inu Akonzi, ndikupempha kuti mukamasindikiza nkhani za zinthu zakale zogulidwa pa mitengo yodabwitsa kunja, muzifotokoza bwino ngati chogulidwacho chili galimoto kapena chidole, ndi chimene chinachisiyanitsa ndi zinzake, chifukwa mnyamata wa pamsika uja si yekhayo amene akusunga katundu wosagulika podikira mzungu wa mamiliyoni.

Sabata yatha ndinadutsanso pamalo paja. F40 ija inali itatsika pakatoni ndipo mtengo wake unali utatsika nayo, koma mnyamatayo anali atasunga padera timagalimoto tinayi m'kachitini, ndipo asanandipatse moni n'komwe anatembenuza kamodzi n'kundifunsa kuti, “Madala, Mebetoys ndiye kuti chiyani?” Ka Ferrari ka malume kadakali pashelefu kunyumba, kofiirabe. Penti wa mawindo uja wayamba kusupuka yekha pamphuno ndipo chikasu cha a Dinky chikusuzumira, koma mdzukulu wanga atandiuza kuti tikapale ndi lezala ndinamukaniza, popeza lezala lingachotse penti wanga ndi wa a Dinky pamodzi.

Ine wowerenga wanu,
Makaniko wopuma pantchito,
Chilomoni, Blantyre